ZA UMOYO WATHU: Nsagwada Ikavuta

Mlungu uno tikambirane za chiwalo chimene tichigwiritsa ntchito kuyambira m'mawa kufikira usiku, podya, polankhula, poseka ndi poimba, koma sitichikumbukira konse kufikira tsiku limene chativuta. Chiwalocho ndi nsagwada.

Tiyambe ndi chinthu chimene chimachitika m'midzi mwathu, ndipo kapena ena mwa inu munachiona ndi maso. Madzulo atatha kudya, mayi wina amene watopa ndi ntchito ya kumunda ayasamula kwambiri. Pofuna kutseka pakamwa, pakana. Kukamwa kungoti yasa, chibwano chatsogola, dovu lili kutsika, mawu satuluka bwino. Ana ayamba kuseka poyesa kuti amayi awo ali kuchita nthabwala. Pamene aona misozi kuseka kutha, ndipo mudzi wonse usonkhana. Wina ati zimenezi ndi zamatsenga. Wina ati mayiyu ananena za eni. Mwamuna wina wamphamvu ati, "Bwerani naye kuno ndimukankhe chibwano." Akuluakulu ati tione mmene kuchere. Kucha, kuda, kuchanso, mayi uja osadya kanthu, nafika ku chipatala tsiku lachitatu, ntchito imene ikanatha pa kamphindi itasanduka yaikulu.

Nkhani yathu yonse yagona pa funso limodzi. Nsagwada ikavuta musayambe ndi kufunsa kuti wachita ndani. Yambani ndi kufunsa kuti, kodi pakamwa pali kutseka, ndipo kodi pali kutseguka? Yankho lake ndilo lidzakuuzani ngati muyenera kunyamuka nthawi yomweyo, kapena ngati mungathe kudzisamala muli pakhomo.

MMENE NSAGWADA INAPANGIKIRA

Ikani zala zanu patsogolo pa makutu onse awiri, pafupi ndi bowo la khutu, ndipo muyasame pang'onopang'ono. Mudzamva kafupa kobulungira kali kuyenda pansi pa chala, kupita kutsogolo poyasama ndi kubwerera potseka. Pamenepo ndipo pali mfundo ya nsagwada, pamene fupa la chibwano likumana ndi fupa la mutu. Mano a m'mwamba sayenda konse, pakuti anamera pa fupa logwirana ndi chigaza. Imene iyenda ndi nsagwada ya m'munsi yokha.

Mfundo imeneyi ndi yosiyana ndi ya chala, imene ingopinda ndi kuwongoka. Nsagwada iyenda monga mwanamphero pa mphero: iyamba yatembenuka, kenaka itsetsereka kutsogolo, ndiponso itha kupita uku ndi uku kuti mano apere chakudya. Pakati pa mafupa awiriwo pali kachicherewecherewe kopyapyala, kamene ntchito yake ndi yonga ya nkhata pamutu pa mayi wosenza mtsuko, kuletsa kuti fupa lisakhulane ndi linzake. Mfundozi zili ziwiri pa fupa limodzi, ina kumanzere ina kumanja, monga ng'ombe ziwiri za goli limodzi. Imodzi ikatsimphina, inzake ivutika nayo.

Tsono lumani mano mwamphamvu ndi kugwira patsaya, cha kumbuyo. Mudzamva mnofu uli kutukuka. Gwiraninso pa litsipa, ndipo mudzamva wina. Imeneyi ndiyo minofu yotseka pakamwa, ndipo ndi yamphamvu ndithu. Chifukwa chake munthu amene nsagwada yamuvuta kawirikawiri adandaula za mutu kapena za khutu, osadziwa kuti gwero lake lili pa mfundo ija.

Pali muyeso umene aliyense ayenda nawo. Sanjikizani zala zanu zitatu, cha mkombaphala, chapakati ndi chotsatira chake, ndi kuziika choimika pakati pa mano a kutsogolo a m'mwamba ndi a m'munsi. Mwa munthu wamkulu wopanda vuto zala zitatuzo zilowa, ndiwo masentimita 4 kapena 5. Kumbukirani muyeso umenewu, pakuti tibwererakonso.

VUTO LOYAMBA: PAKAMWA PAKANA KUTSEKA

Ili ndilo linagwera mayi uja. Patsogolo pa malo amene kafupa kobulungira kaja kakhala pali kachitunda ka fupa. Munthu akayasama kopitirira, kafupako kalumpha kachitundako, ndipo minofu yamphamvu ija ikokera mmwamba, nikakanirira kutsogolo komweko. Kumeneko ndiko kuguluka kwa nsagwada. Kudza poyasamula, poseka kwambiri, posanza, poluma chinthu chachikulu, pomenyedwa pakamwa pali poyasama, ndiponso pamene munthu wa khunyu wagwa. Okalamba amene mano awo anatha ndi anthu a mfundo zolobodoka ndiwo amene ziwagwera kawirikawiri.

Zikaguluka zonse ziwiri, pakamwa pakhala poyasama ndi chibwano chotsogola. Ikaguluka imodzi, chibwano chipotokera ku mbali yabwino. Patsogolo pa khutu, pamene panali kafupa kaja, pakhala polowa.

Chimene anthu afulumira kuchita ndicho kukankha chibwano kuti pakamwa patseke, kapena kumenya mbama poyesa kuti fupa libwerera. Musachite zimenezi. Fupalo lakodwa kuseri kwa kachitunda, ndipo mukalikankhira mmwamba mulikanikiza pomwe lakodwapo. Muonjezera ululu, ndipo mungathe kuthyola mano kapena fupa lenilenilo.

Fupa liyenera kuyamba latsika, ndipo pambuyo pake libwerere kumbuyo. Nzeru imeneyi ndi yakalekale. Inalembedwa ku Egypt zaka zoposa 3,500 zapitazo, pa chikalata cha asing'anga chimene masiku ano chitchedwa ndi dzina la Edwin Smith, munthu amene anachigula m'chaka cha 1862. Hippocrates, sing'anga wotchuka wa ku Greece, anaiphunzitsanso zaka ngati 2,400 zapitazo, ndipo madokotala atsata njira yomweyo kufikira lero. Wodwala akhala pampando mutu utatsamira khoma. Dokotala akulunga zala zake zazikulu ndi nsalu, naziika pa mano a kumbuyo a m'munsi, zala zinazo zitagwira kunsi kwa chibwano. Akanikiza pansi mosalekeza kufikira minofu itatopa, ndipo akankhira kumbuyo. Fupa liti khutyu, pakamwa patseka.

Wina ati, "Ngati ndi choncho, bwanji osachita tokha kumudzi?" Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, fupa loguluka ndi fupa lothyoka zioneka zofanana kwa munthu wosaphunzira ntchitoyi, ndipo kukanikiza fupa lothyoka ndi kuwononga. Chachiwiri, nsagwada ikabwerera itseka ngati msampha, ndipo itha kuluma zala kolapitsa. Chachitatu, minofu ikauma kwambiri pafunika jekeseni woziziritsa ululu ndi wofewetsa minofu, ndipo ameneyo ali ku chipatala.

Chachikulu ndi nthawi. Pa maola oyamba fupa libwerera mosavuta. Pakapita masiku minofu iumirira, ndipo pafunika kumugoneka munthu tulo ndi mankhwala. Pakapita milungu yambiri mnofu watsopano umera pamalo pamene fupa linachoka, ndipo nthawi zina sipakhala njira ina koma opaleshoni. Tsono nsagwada ikaguluka madzulo, musadikire kuti mbatata za kumunda zithe kukumbidwa.

Fupa likabwerera, a chipatala amanga nsalu kuchokera pachibwano kufika pamutu kwa masiku ochepa. Wodwala adye zofewa milungu iwiri, asayasame kwambiri, ndipo akamva kuyasamula kuli kudza achirikize chibwano ndi nkhonya. Mfundo imene yaguluka kamodzi sichedwa kugulukanso. Ngati zichitika kawirikawiri, auzeni a chipatala kuti akutumizeni kwa akatswiri.

Mawu awiri kwa inu amene musamala munthu wa khunyu. Akagwa musamuike supuni, mtengo kapena chala m'kamwa. Zimenezi zithyola mano ndi kugulula nsagwada. Mugonekeni cham'mbali, chotsani moto ndi miyala pafupi, ndipo onetsetsani kuti sadumphitsa mankhwala ake. Chiyambire chaka cha 2015 zipatala za ku Neno zili ndi makiliniki a matenda okhalitsa, kumene a khunyu alandira mankhwala pamodzi ndi a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi.

VUTO LACHIWIRI: PAKAMWA PAKANA KUTSEGUKA

Apa ndipo pafunika muyeso uja. Ngati dzulo zala zitatu zinali kulowa, lero zilowa ziwiri movutikira kapena chimodzi chokha, ndipo thupi lili kutentha kapena tsaya latupa, imeneyo si nkhani yoti tione mawa. Zimene zitseka nsagwada motere ndi izi.

Choyamba ndi dzino. Dzino lobooka likanyalanyazidwa, mafinya atsikira ku muzu nalowa m'minofu ya nsagwada, ndipo minofuyo iuma. Livuta kwambiri ndi dzino lotsiriza la kumbuyo, limene limera munthu atakula kale, pakati pa zaka 17 ndi 25. Makapisozi ogula pamsika sangathetse vutoli, pakuti mafinya ayenera kutulutsidwa ndipo dzino lichiritsidwe kapena lizulidwe. Kuika asipirini kapena fodya pa dzino kungotentha nkhama. Chenjerani kwambiri pamene chotupa chatsikira pansi pa lilime ndi kukhosi, munthu ali kulephera kumeza malovu, mawu asintha, kapena kupuma kuli kuvuta. Chotupa chotere chitha kutseka njira ya mpweya. Nyamukani naye ngakhale pakati pa usiku.

Chachiwiri ndi kafumbata, ndipo ameneyu ndiye mdani wa mlimi. Tizilombo take tikhala m'dothi ndi mu ndowe za ziweto, ndipo tilowa m'thupi kudzera pa bala: la khasu, la munga, la msomali, la chitsa, la moto, kapena la mphini zotemedwa ndi lumo lakuda. Bala litha kukhala laling'ono, loti mwaiwala kale. Pakapita masiku 3 kufikira 21, nsagwada ziyamba kuuma. Kenaka khosi liuma, kumeza kuvuta, nkhope ichita ngati ya munthu woseka mokakamiza, msana upindikira kumbuyo, ndipo thupi lonse likokana pakamveka phokoso kapena pakawala. Kafumbata apha, ndipo palibe mankhwala a kumudzi amene amuletsa. Munthu amene nsagwada zake zauma popanda dzino lopweteka, makamaka ngati anavulala masiku apitawo, apite ku chipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mwana wakhanda amene anali kuyamwa bwino, nasiya kuyamwa patapita masiku ochepa chibadwire, kukamwa kutauma: kafumbata alowera pa mchombo pamene wadulidwa ndi chinthu chakuda kapena wapakidwa zinthu.

Kafumbata apewedwa ndi katemera. Ana alandira ku sikelo ali ndi milungu 6, 10 ndi 14, ndipo amayi alandira pamene ali oyembekezera. Otsala ndinu abambo, amene simupita ku sikelo koma ndinu oyamba kudzitema ndi chikwanje. Mukavulala tsukani bala ndi madzi oyera ndi sopo, musathirepo dothi, ndowe kapena phulusa, ndipo pitani mukafunse za jekeseni wa kafumbata.

Chachitatu chigwera ana. Mwana agwa mu mtengo wa mango kapena pa njinga, namenyetsa chibwano pansi. Makolo aona bala la pachibwano, alisamala, lipola, ndipo nkhani itha. Koma mphamvu ya kugwako iyenda m'fupa kukafika pa mfundo, ndipo kafupa kobulungira kaja katha kuthyoka kufupi ndi khutu, kumene palibe amene anayang'anako. Pakapita miyezi mafupa awiri aja agwirana, pakamwa pachepa pang'onopang'ono, chibwano chileka kukula, ndipo mwana afika poti adya phala lokha lodutsa pakati pa mano. Zikafika pamenepo chithandizo chake ndi opaleshoni ya ku chipatala chachikulu. Tsono mwana akagwa chachibwano, muuzeni alume mano ndipo muyang'ane. Ngati mano sakumana monga kale, ngati chibwano chipotoka poyasama, ngati adandaula patsogolo pa khutu kapena m'khutu mwatuluka magazi, auzeni a chipatala zimenezi, osangoti asoke bala. Khutu la mwana lotuluka mafinya nalonso lisalekereredwe, pakuti lili pafupi ndi mfundo imeneyi ndipo matenda atha kuwolokerako.

Tinenenso za kutupa kwa ana. Matsagwidi tonse tiwadziwa: atupa patsogolo ndi pansi pa khutu, apweteka potafuna, ndipo atha okha pa mlungu umodzi kapena iwiri. Koma pali chotupa china cha m'fupa la nsagwada chimene chikula mofulumira pa milungu yochepa, mano nagwedera, nthawi zina popanda ululu wambiri. Imeneyi ndi khansa ya ana imene dokotala Denis Burkitt anailongosola ali ku Uganda m'chaka cha 1958, ndipo kuno kwathu ipezeka ndithu. Imva mankhwala mwana akafika msanga, ndipo ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre kuli chipinda cha ana odwala khansa. Chotupa cha nsagwada chimene chili kukula mmalo mophwa musachitche matsagwidi.

Pomaliza, mankhwala ena oletsa kusanza ndi ena a matenda a maganizo atha kuumitsa nsagwada, lilime ndi khosi mwadzidzidzi. A chipatala ali ndi jekeseni wothetsa zimenezi. Chifukwa chake popita ku chipatala tengani mankhwala onse amene wodwala ali kumwa, pamodzi ndi buku lake la kuchipatala.

VUTO LACHITATU: PAKAMWA PATSEKA NDI KUTSEGUKA, KOMA PAPWETEKA

Ili ndilo la anthu ambiri, ndipo ndilo losaopsa. Munthu amva kuwawa patsogolo pa khutu kapena patsaya, makamaka potafuna. Podzuka m'mawa nsagwada zikhala zolema ngati wagwira nazo ntchito usiku wonse. Mutu upweteka pa litsipa. Poyasama pamveka kuti tha, ndipo nthawi zina nsagwada ikodwa pang'ono kenaka nimasuka. Vutoli ligwira amayi koposa abambo, makamaka a zaka za pakati pa 20 ndi 40.

Kulira kuja ndi nkhata ija. Kachicherewecherewe kakasendera kutsogolo, fupa likakwera poyasama ndi kutsikanso potseka, ndipo pamenepo pamveka phokoso. Imvani bwino apa: nsagwada yolira koma yosapweteka ndi yosakodwa sifuna mankhwala. Anthu ambiri akhala nayo moyo wawo wonse popanda vuto. Musamangoiliza kuti anzanu amve.

Ambiri apita ku chipatala nati khutu lili kuwawa, ndipo dokotala ayang'ana m'khutu napeza muli bwino. Musaganize kuti sanakuyeseni mokwanira. M'chaka cha 1934 dokotala wa makutu wa ku St. Louis ku America, James Costen, analemba za odwala otere, nasonyeza kuti ululu wa khutu utha kuchokera ku nsagwada. Iye anayesa kuti chifukwa chake chachikulu ndi kutha kwa mano a kumbuyo. Madokotala a pambuyo pake anapeza kuti kawirikawiri mlandu uli ndi minofu yogwira ntchito mopitirira muyeso.

Nanga chiitopetsa minofuyo nchiyani? China ndi kukukuta mano usiku ndi kuwaluma usana. Munthu amene mtima wake uli pa mtengo wa feteleza, pa fizi ya ana, pa ngongole ya banki mkhonde kapena pa kusamvana kwa m'banja aluma mano osadziwa, ndipo amene adziwa za kukukutako ndi mnzake wogona naye. China ndi kusandutsa mano chipangizo: kusenda nzimbe, kung'amba luzi, kutsegula botolo, kuswa mafupa. China ndi kutafunira mbali imodzi chifukwa mbali inayo kuli dzino lopweteka. Chinanso ndi chingamu cha tsiku lonse chimene anyamata ndi atsikana akonda. Kwa okalamba, nyamakazi imene igwira mawondo ithanso kugwira mfundo ya nsagwada.

Chithandizo chake chachikulu chili m'manja mwanu, ndipo ndi chonga chimene muchitira ng'ombe yotupa khosi: muichotsa pa goli kuti ipume.

Pumitsani nsagwada milungu iwiri kapena itatu. Siyani nzimbe, chimanga chokazinga ndi chootcha, mtedza wokazinga, nyama youma ndi chingamu. Idyani phala la nsinjiro, nsima yofewa ndi therere kapena chipere, futali, maungu, mbatata yophika, mazira, nthochi zakupsa ndi mapapaya. Malalanje ndi manachesi a kwathu kuno afinyeni mumwe madzi ake. Mbamu zikhale zazing'ono, ndipo tafunirani mbali zonse ziwiri. Musasiye kudya, pakuti wodwala wanjala sachira msanga.

Thowani ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, osati otentha, kwa mphindi 10 kapena 15, kawiri kapena katatu pa tsiku. Mukatha sisitani pang'onopang'ono mnofu wa patsaya ndi wa pa litsipa ndi nsonga za zala.

Phunzirani kupumitsa kukamwa. Pamene simuli kudya, milomo ikhale yotseka koma mano asagundane, lilime litagona kumwamba kuseri kwa mano a kutsogolo. Dzifunseni kangapo pa tsiku, polima, posinja ndi popalasa njinga, kuti kodi mano anga ali pati? Mukapeza mwaluma, masulani. Poyamba mudzaiwala, koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

Musagone chafufumimba nkhope itakanikiza pa mkono, musatsamiritse chibwano pa dzanja nthawi yaitali, ndipo musapanikize foni pakati pa phewa ndi tsaya.

Za mankhwala, munthu wamkulu angamwe panado wa 500 mg mapiritsi awiri pa nthawi imodzi, osapitirira mapiritsi 8 pa usana ndi usiku. Bulufeni athandizanso kwa masiku ochepa, koma amwedwe mutadya, ndipo sayenera kwa amayi oyembekezera, a zilonda za m'mimba ndi a matenda a impso. Makapisozi opha tizilombo alibe ntchito pa vuto limeneli.

Ndipo musaiwale mtima. Chimene chikusowetsani tulo kambiranani ndi mnzanu wa m'nyumba, ankhoswe kapena akulu a mpingo, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo nsagwada nazonso sizingalisenze.

Ambiri apeza bwino ndi zimenezi pa milungu yochepa, ngakhale kuti vutoli litha kubweranso pa nyengo ya mavuto. Pakatha mwezi osasintha, kapena nsagwada ikayamba kukodwa kawirikawiri, pitani kwa a mano. Adzayang'ana ngati pali dzino lobisala limene layambitsa zonsezi, adzakuphunzitsani kayendetsedwe ka nsagwada kofewetsa minofu, ndipo ku zipatala zazikulu apanga kachovala ka pulasitiki koika pa mano usiku kuti asakukutike. Opaleshoni ifunika kwa anthu ochepa kwambiri. Koma musaumirize kuti akuzuleni dzino labwino. Alipo amene anazulitsa mano awiri kapena atatu ululu uli pomwepo, pakuti unali mu mnofu. Ndiponso musalole kutemedwa mphini patsaya, pakuti mungachoke pa vuto lachitatu kulowa pa lachiwiri lija.

Chenjezo limodzi kwa achikulire. Kupweteka kwa nsagwada kumene kudza pokwera phiri kapena pogwira ntchito yolemetsa, pamodzi ndi kulemera pachifuwa, thukuta ndi phuma, si kwa nsagwada ayi. Kutha kukhala kwa mtima, ndipo kufuna chipatala mwamsanga. Chimodzimodzi nkhope ikapotoka mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo nufooka.

KUMENE MUNGAPITE

Kale anthu a ku Neno anali kuyenda mtunda wautali kukafuna chithandizo ku Mwanza. Neno anakhala boma paokha m'chaka cha 2003, ndipo chiyambire 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo ligwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma lino. Lero a kumapiri ali ndi chipatala chachikulu pa Neno boma, a kuchigwa ali ndi cha Lisungwi, ndipo zilipo zipatala zazing'ono monga Dambe, Nsambe, Magaleta, Ligowe, Chifunga, Luwani, Zalewa ndi Matope. Yambani ndi chimene chili pafupi nanu. Iwo akaona kuti yakula adzakutumizani ku Neno boma kapena ku Lisungwi, ndipo za opaleshoni ya nsagwada zipita ku Gulupu ku Blantyre. M'zipatala za Boma chithandizo ndi chaulere. M'mudzi mwanu mulinso alangizi a zaumoyo amene ayendera makomo. Afunseni, pakuti safunsa anadya phula.

Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa. Kwa zaka zambiri amene anafuna udokotala wa mano anali kukaphunzira kunja, kufikira chaka cha 2019 pamene maphunzirowa anayamba ku sukulu ya madokotala ku Blantyre mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Sukuluyo tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Inu ana a sukulu amene muwerengera makolo anu nyuzi ino, imeneyo ndi ntchito imene dziko lili kuifuna.

Tidziwa kuti njira za kumapiri zivuta, makamaka mvula ikagwa, ndi kuti njinga yamoto ifuna ndalama. Chifukwa chake talemba zonsezi, kuti mudziwe ulendo woyenera kugulitsira nkhuku ndi ulendo umene mungausiye. Sungani mfundo izi:

1. Pakamwa pakakana kutseka, pitani ku chipatala tsiku lomwelo. Musakankhe chibwano.
2. Pakamwa pakakana kutseguka, zala zitatu osalowa, pamodzi ndi kutentha thupi, kutupa, kuuma khosi kapena bala la masiku apitawo, nyamukani nthawi yomweyo.
3. Mwana akagwa chachibwano, yang'anani mano ndi patsogolo pa khutu, osati bala lokha.
4. Pakamwa pakamatseka ndi kutseguka koma popweteka, pumitsani nsagwada, thowani, idyani zofewa, ndipo pakatha mwezi osasintha kaonaneni ndi a mano.
5. Nsagwada yolira yosapweteka ilekeni.

Amene mudziwa kuwerenga, awerengereni anzanu nkhaniyi pabwalo, ku mpingo ndi ku msonkhano wa kalabu ya alimi, ndipo aliyense ayese zala zake zitatu lero lomwe, kuti adziwe muyeso wake akali bwino. Mlungu wa mawa tidzakamba za kasamalidwe ka mano a ana. Tsalani bwino, mukolole ndi mtendere.